Kumva Kuli Paŵiri: Kaphunzitsidwe ka Chingerezi M'sukulu za ku Mwanza

Boma la Mwanza lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 chakumadzulo kwa mzinda wa Blantyre, ndipo limadziŵika ndi zinthu ziŵiri: manachesi ndi chipata cha m'malire. Pa chipata chimenechi pamadutsa magalimoto akuluakulu a katundu ndi mabasi opita ku Tete, ku Harare ndi ku Johannesburg, ndipo tsidya lake ndi Zóbuè, m'dziko la Mozambique. Munthu woima pamenepo theka la tsiku amamva Chicheŵa, Chinyungwe, Chipwitikizi, Chishona ndi Chingerezi. Amaonanso zodabwitsa. Mnyamata wosintha ndalama, amene sukulu analekezera panjira, amaŵerengera dalaivala ndalama m'Chipwitikizi, natembenuka n'kuyamba kunenerera mtengo ndi wina m'Chishona. Mayi amene anakwera basi ya ku Joni asakudziŵa liwu ndi limodzi lomwe la Chizulu amatsika basi yomweyo patapita zaka ziŵiri akuchilankhula mosadodoma. Mwa anthu ameneŵa palibe amene anagulapo buku la galamala.

Komatu pa mtunda waufupi kuchokera pa chipatapo, m'midzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache ndi ku Thambani, muli ana amene amamva Chingerezi tsiku lililonse la sukulu kwa zaka zambiri, koma mlendo akawafunsa njira m'chilankhulocho, ambiri amangoŵerama n'kumakanda pansi ndi chala cha kuphazi. Ana ameneŵa si ogona m'mutu, pakuti ndi abale ake a mnyamata wosintha ndalama uja. Aphunzitsi awonso si aulesi. Nanga n'chiyani chimene msika ndi ulendo zimapatsa munthu, chimene kalasi kaŵirikaŵiri limamumana?

Funsoli si laling'ono. Chigamulo cha mu 1968 chinakhazikitsa Chicheŵa kukhala chilankhulo cha fuko lonse, ndi Chingerezi kukhala chilankhulo cha ntchito za boma. Potsatira chigamulocho ana ankaphunzira m'Chicheŵa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chili phunziro limodzi chabe, ndipo akafika Sitandade 5 maphunziro ena onse ankatembenukira ku Chingerezi. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti m'makalasi anayi oyambawo ana aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Kenaka lamulo la zamaphunziro la mu 2013 linanena kuti chilankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo mu 2014 Undunawo unalengeza kuti zimenezi ziyambire ku Sitandade 1. M'kusinthasintha konseku chinthu chimodzi sichinasunthe: mayeso a Sitandade 8 akhala akulembedwa m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chicheŵa, ndipo wolephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 wakhala akumanidwa satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Chingerezi chili ngati mlatho wa pa mtsinje wodzaza, ndipo mwana amene sanachidziŵe amatsala tsidya lino pamodzi ndi nzeru zake zonse.

Kumva kwa khutu ndi kumva kwa mtima

Chicheŵa chili ndi liwu limodzi limene lasenza nkhani yonseyi, liwu lakuti "kumva". Munthu amamva mabingu, amamva kulira kwa ng'oma. Kumeneku ndi kumva kwa khutu. Koma agogo akatha kulangiza mdzukulu n'kumufunsa kuti, "Wamva?" sakufunsa ngati mawu aloŵa m'khutu. Akufunsa ngati tanthauzo lafika mumtima. Pamsika kumva kuŵiriku kumayendera limodzi, chifukwa liwu lililonse limabwera ndi chinthu chake: ndalama ili m'manja, dengu lili pansi, nkhope ya wogula ikuonetsa kukana kapena kulola. M'kalasi kumva kuŵiriku kumatha kulekana. Khutu la mwana limadzaza ndi Chingerezi, mtima uli wopanda kanthu.

Mmodzi mwa anthu oyamba kulemba za vutoli anali François Gouin, mphunzitsi wa Chilatini wa ku France. Iye anapita ku Germany kukaphunzira, ndipo pofuna kudziŵa Chijeremani msanga anadzitsekera m'chipinda mumzinda wa Hamburg naloŵeza pamtima buku lonse la galamala. Atapita kukamvera aphunzitsi akuphunzitsa m'Chijeremani, sanatolepo kanthu. Anabwerera m'chipinda muja naloŵeza masinde a mawu, pambuyo pake dikishonale yathunthu, koma makutu ake anali otsekekabe. Atafika kwawo anapeza mwana wa m'bale wake, wa zaka ngati zitatu, amene anamusiya asanathe kulankhula, akubwebweta Chifalansa tsiku lonse. Tsiku lina mwanayo anatengedwa kukaona chigayo. Kumeneko anafunsa dzina la chinthu chilichonse, ndipo atabwerera kunyumba anamanga kachigayo kake koseŵeretsa, namanena mokweza ntchito iliyonse imene ankachita, ina pambuyo pa inzake. Gouin anazindikira kuti mwanayo ankatola mawu pamodzi ndi zochitika zimene mawuwo ankanena. Buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 1880.

Patapita zaka 100, Stephen Krashen wa pa University of Southern California ku America anaika ganizo lofanana nalo m'ndondomeko imene inafala dziko lonse lapansi, makamaka kudzera m'buku lake la mu 1982 ndi lina lotchedwa The Natural Approach, limene analemba ndi Tracy Terrell mu 1983. Iye anasiyanitsa kutola chilankhulo ndi kuphunzira za chilankhulo. Kutola ndi kumene amachita mwana pamsana pa amayi ake: sadziŵa kuti akuphunzira, amangofuna kumva zimene zikunenedwa. Kuphunzira za chilankhulo ndi kuloŵeza malamulo ake, monga akuti mneni amasintha motani ponena za dzulo. Krashen ananena kuti mawu amene amatuluka okha pakamwa munthu akamacheza amachokera ku kutola, ndipo malamulo oloŵeza amangogwira ntchito ya kapitawo, yoyang'ana ndi kukonza zimene zatuluka kale.

Ananenanso kuti kutola kumachitika pamene munthu akumva uthenga m'chilankhulo chatsopanocho n'kuumvetsa, uthengawo utapitirira pang'ono pokha pa zimene akudziŵa kale. Muyeso umenewu anaulemba mwachidule kuti i+1, kutanthauza pamene wophunzira waima, kuwonjezapo phazi limodzi. Mlimi wothirira mbande za manachesi amadziŵa muyeso womwewu: madzi akachepa mbande imafota, akathiridwa chidebe chonse nthaŵi imodzi amangoyenderera n'kukokolola dothi. Mawu odziŵika kale okhaokha sakulitsa mwana, ndipo mawu achilendo okhaokha amangomudutsa.

Maphunziro aŵiri, kalasi limodzi

Phunziro lozoloŵereka limayenda motere. Aphunzitsi amalemba chiganizo cha Chingerezi pa bolodi, amachiŵerenga, ana onse amabwereza katatu mofuula mpaka malata kunjenjemera. Aphunzitsi amafunsa kuti, "Have you understood?" ndipo kalasi lonse limayankha kuti, "Yes, madam!" Wodutsa panja amati sukulu ikuyenda bwino. Keith Chick, amene anafufuza makalasi a ku South Africa, mu 1996 anatcha mchitidwe wotere "safe-talk", ndiko kunena kuti kulankhulana kobisirana manyazi: mphunzitsi safunsa funso limene lingaulule kuti ana sanamve, ndipo ana sayankha mwa njira imene ingaulule kuti phunziro silinaloŵe. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Phunziro lina la kalasi lomwelo lingayende mosiyana. Aphunzitsi akuloŵa ndi kadengu ka manachesi. Akunyamula limodzi nanena pang'onopang'ono kuti, "This is a tangerine." Akulinunkhiza, akulisenda ana akuona, akunena liwu la kusenda dzanja likusenda. Akuitana mwana mmodzi: "Chikondi, take one. Give it to Mphatso." Chikondi sakuuzidwa kubwereza mawuwo, akuuzidwa kuchita. Akapatsa Mphatso, aphunzitsi adziŵa kuti wamva, ndipo ana ena onse aona tanthauzo ndi maso awo. Kenaka manachesi akuŵerengedwa, akugaŵidwa, lina likubisidwa pansi pa tebulo ndipo ana akuloza kumene lili. Pofika kumapeto mawu atsopano angakhale asanu ndi limodzi okha, koma lililonse lamveka kambirimbiri, nthaŵi iliyonse lili ndi ntchito yake.

Njira yoyankha ndi thupi imeneyi anaikonza ndi James Asher wa ku San José, ku America, m'zaka za m'ma 1960. Ubwino wake ku Malaŵi ndi woonekeratu. Kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere ndipo chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, makalasi oyamba akhala odzaza zedi, mabuku ali ochepa. Mphunzitsi mmodzi sangamvetsere mwana aliyense payekha m'kalasi la ana 100, koma akanena kuti onse agwire mphuno, aime, atembenukire ku khomo, amaona nthaŵi yomweyo amene wamva ndi amene akungotsanzira mnzake. Njirayi silira choko, silira buku, ndipo imatheka ngakhale pansi pa mtengo.

Ana akakulirapo, malo a malamulo otere amatengedwa ndi nthano. Nthano ya Kalulu imene mwana anaimva kwa agogo ake pamoto ndi chuma kwa mphunzitsi wa Chingerezi, chifukwa mwanayo akudziŵa kale chimene chichitike, ndipo maganizo ake onse ali pa mawu atsopano amene akunyamula nkhani yodziŵikayo. Mphunzitsi amajambula pa bolodi, amasintha mawu potsanzira Fisi, amaima n'kufunsa mafunso aafupi amene yankho lake ndi liwu limodzi, kenaka mafunso ofuna chiganizo. Pofuna kutsimikiza kuti nthano yamveka, angathe kupempha mwana kuti aifotokoze m'Chicheŵa. Mwana amene wamva nthano m'Chingerezi n'kuibweza molondola m'Chicheŵa waonetsa kumva kwenikweni kuposa amene wabwereza ziganizo khumi ngati chinkhwe.

Pali zinthu ziŵiri zimene mphunzitsi wotsata njirayi ayenera kupirira nazo. Choyamba ndi kukhala chete kwa mwana. Khanda limamvetsera miyezi yambiri lisanatchule liwu loyamba, ndipo palibe mayi amene amalikalipira chifukwa cha kuchedwako. Wophunzira chilankhulo chachiŵiri nayenso amakhala ndi nyengo yake yomvetsera, ndipo kumukakamiza kulankhula nyengoyo isanathe kuli ngati kuthyola nachesi laliŵisi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiŵiri ndi mantha. Krashen ananena kuti nkhaŵa ndi manyazi zimamanga mpanda pakati pa khutu ndi mtima, kotero kuti ngakhale mawu omveka bwino saloŵa. Achikulire ambiri amakumbukira sukulu zimene wolankhula Chicheŵa ankapatsidwa chibalo, ndipo wophonya Chingerezi ankasekedwa ndi kalasi lonse. Chimene ana ambiri anaphunzirapo pamenepo ndi kutseka pakamwa.

Mabuku, wailesi ndi chilankhulo cha kunyumba

Pakamwa pa mphunzitsi mmodzi sipangatulutse Chingerezi chonse chimene mwana akufunika. Mayi wa ku Joni uja amamva Chizulu kuyambira m'mamaŵa mpaka usiku, pamene mwana wa ku Thambani akaŵeruka samvanso Chingerezi mpaka maŵa lake. Mpata umenewu amatseka ndi mabuku. Mu 1980 Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anayesa zimenezi m'sukulu za kumidzi pa zilumba za Fiji, kumene ana amalankhula zilankhulo zina kunyumba. Makalasi ena anapatsidwa mabuku a nthano okoma okwana 250 kalasi lililonse, ena anapitiriza ndi maphunziro a masiku onse obwereza ziganizo. Patapita miyezi 8, ana a mabuku aja anali akupita patsogolo kaŵiri kuposa liŵiro lozoloŵereka pa kumvetsa zoŵerenga ndi zomvetsera.

Koma buku liyenera kukhala la msinkhu wa woŵerenga. Kafukufuku wa Marcella Hu ndi Paul Nation wa mu 2000 anasonyeza kuti munthu amaŵerenga yekha momasuka ngati akudziŵa mawu pafupifupi 98 pa mawu 100 alionse a pa tsamba. Motero buku lalikulu lochokera kunja, lolembedwera ana obadwira m'Chingerezi, lingakongoletse shelefu ya ahedi koma osathandiza mwana wa Sitandade 4. Timabuku tating'ono ta ziganizo zazifupi, tonena za chigayo, za mjigo, za basi ya pa chipata, ngakhale tolembedwa pamanja ndi aphunzitsi eni ake, timagwira ntchito yaikulu.

Wailesi nayo ili ndi gawo lake. Pologalamu ya Tikwere, imene inayamba kuulutsidwa pa MBC mu 2008, inkafikitsa m'makalasi oyamba maphunziro a mphindi 30 okhala ndi nyimbo, maseŵero ndi mipata yoti ana ayankhe. Phindu la pologalamu yotere limadalira mphunzitsi amene waima pafupi ndi wailesiyo, chifukwa wailesi ilibe manja olozera, ndipo iye ndiye amasandutsa mawu ake kukhala zinthu zooneka.

Nanga kodi kuyamba maphunziro onse m'Chingerezi kuchokera ku Sitandade 1 sikungapatse mwana Chingerezi chochuluka? Makolo ambiri amaganiza choncho, ndipo ganizo lawo ndi lachikondi. Koma yankho linapezeka pafupi pomwepa. Dziko la Zambia linasankha njira imeneyo m'zaka za m'ma 1960, pamene Malaŵi ankaphunzitsa m'Chicheŵa mpaka Sitandade 4. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams wa ku Britain anayesa ana a chaka chachisanu m'maiko aŵiriŵa. Anapeza kuti pa kuŵerenga Chingerezi ana a ku Zambia sanapose a ku Malaŵi, ngakhale anali atamva Chingerezi tsiku lonse kwa zaka zinayi, pamene pa kuŵerenga chilankhulo cha kwawo ana a ku Malaŵi anali patsogolo kwambiri. Anapezanso kuti ana ambiri m'maiko onse aŵiri analibe Chingerezi chokwanira kuphunzirira maphunziro ena. Chingerezi chochuluka chosamveka sichinabale kanthu.

Tsidya lina la chipata cha Mwanza vuto ndi lomweli, chilankhulo chokha ndicho chosiyana. Mwana wa m'chigawo cha Tete wolankhula Chinyanja kunyumba ankakumana ndi Chipwitikizi chokhachokha tsiku loyamba la sukulu. Kuyambira 1993 mpaka 1997 dziko la Mozambique linayesa kuphunzitsa m'zilankhulo ziŵiri, Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, ndipo mu 2003 njirayo inayamba kugwiritsidwa ntchito m'sukulu zina za kumidzi. Chilankhulo cha kunyumba si mdani wa chilankhulo chachilendo. Mwana amene wadziŵa kuŵerenga m'Chicheŵa wadziŵa kale kuti zilembo zimanyamula mawu, ndipo luso limenelo amawoloka nalo. Mphunzitsi amene wamasulira liwu limodzi lovuta m'Chicheŵa, n'kubwerera msanga ku Chingerezi, watsegula chiganizo chonse. Cholakwika ndi kumasulira chiganizo chilichonse, chifukwa pamenepo ana amaleka kumvetsera Chingerezi, namangodikira kumasulirako.

Malire a njirayi

Si akatswiri onse amene anavomereza zonse zimene Krashen ananena. Ku Canada, kuyambira mu 1965 pa St Lambert pafupi ndi Montreal, ana olankhula Chingerezi ankaphunzitsidwa maphunziro awo m'Chifalansa chomveka bwino kwa zaka zambiri. Mu 1985 Merrill Swain anasonyeza kuti ana otere ankamva Chifalansa pafupifupi ngati eni ake, koma polankhula ndi polemba ankaphonyabe galamala. Iye ananena kuti munthu ayeneranso kuyesa kulankhula ndi kulemba, chifukwa poyesapo ndi pamene amazindikira chimene chikumusoŵa. Michael Long anawonjezera kuti kumva kumakula kwambiri pokambirana, pamene wina amafunsa kuti, "Mwati bwanji?" ndipo mnzake amabwereza mwa njira ina. Izinso zimaoneka pa chipata paja: mnyamata wosintha ndalama amalankhula Chipwitikizi chokwanira malonda ake, koma sangalembe nacho kalata yofunsira ntchito.

Motero galamala, kulemba ndi kuwongolera zolakwa zili ndi malo ake, makamaka m'makalasi apamwamba ndi ku sekondale, kumene mayeso amafuna chilankhulo cholongosoka. Nkhani yagona pa chimene chiyenera kuyamba. Mmisiri amaphula thabwa limene lilipo kale, sangaphule mphepo. Lamulo la galamala limathandiza mwana amene m'mutu mwake muli kale ziganizo mazanamazana zimene anazimva nazimvetsa, ndipo kwa mwana wopanda ziganizozo lamulolo ndi katundu wina wongoloŵeza. Mfundo imeneyi ndi yofanana pa Chifalansa cha ku sekondale, pa Chipwitikizi, ndi pa chilankhulo china chilichonse.

Kwa aphunzitsi, ahedi ndi alangizi a zamaphunziro a ku Mwanza, muyeso wa phunziro labwino la Chingerezi usakhale kukula kwa phokoso la kalasi kapena kuchuluka kwa zolembedwa pa bolodi. Funso likhale lakuti: mwa mawu onse amene anenedwa lero, ndi angati amene mwana wa kumbuyo kwenikweni wawamvetsa, ndipo zadziŵika bwanji? Makolo nawo ali ndi muyeso umene angagwiritse ntchito ngakhale iwo eni sanapite patali ndi sukulu. Mwana akabwera madzulo n'kulakatula ziganizo za Chingerezi, amuyamikire, kenaka amufunse kuti, "Tatiuza m'Chicheŵa, zimenezi zikutanthauza chiyani?" Akafotokoza, ndiye kuti chilankhulo chayamba kumera mizu. Akangoti kakasi, ndi bwino kholo lipite kusukulu likakambirane ndi aphunzitsi mwaulemu mwana adakali m'makalasi oyamba, pakuti m'mera mpoyamba.